Limoti ikakana TV yanu, musathamangire kunena kuti ndi feki kapena cheza

Matenda a Covid-19 atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, anthu odutsa m'zipata za dziko monga cha Songwe komanso olowa m'zipatala anazolowera kulozedwa pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Pasanapite nthawi, pa WhatsApp panadzaza mauthenga oti kachipangizoko kamaombera cheza muubongo, mpaka ena ankakana kupereka mphumi n'kumatambasula dzanja. Mliri unatha koma mphekesera sinathe, inangosamukira pabalaza. Lero mumva kholo likukalipira mwana kuti asalozere mnzake limoti kumaso chifukwa amuchititsa khungu, mumvanso wina akulumbira kuti limoti ya eni inamuotchera TV. M'boma la Karonga mantha a cheza ali ndi pogwira, chifukwa kuno n'kumene kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera womwe unatsegulidwa mu 2009, ndipo anthu ali ndi ufulu wonse wofunsa za chitetezo chawo pa mgodiwo. Koma kuika limoti m'gulu limodzi ndi yureniyamu n'kusokoneza zinthu ziwiri zosagwirizana m'pang'ono pomwe. Limoti ilibe mphamvu yovulaza munthu kapena makina. Chomwe ili nacho ndi kuwala kofooka komwe kumayaka ndi kuzima motsatira nthawi yowerengedwa bwino, ndipo mavuto ake pafupifupi onse amachokera pa kawerengedwe ka nthawiyo.

Kuwala kumeneku kumatchedwa infrared, ndipo sikwachilendo. Katswiri wa zakuthambo William Herschel anakutulukira mu 1800 pomwe anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake ngati ya utawaleza n'kumayeza kutentha kwa mtundu uliwonse. Atasuntha choyezera kupitirira pofiira, pamalo pomwe maso saona kanthu, kutentha kunakwerabe. Diso la munthu limalekezera pa mafunde otalika ma nanomita pafupifupi 700, pomwe kababu kakumphuno kwa limoti kamatulutsa mafunde a ma nanomita 940. Makamera a foni zambiri amaona mpaka pamenepo, n'chifukwa chake mukaloza limoti pa kamera n'kudina batani mumaona kadontho kofiirira kakuthwanima pagalasi la foniyo. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa infrared: khoma lomwe lawombedwa ndi dzuwa, mphika wa mpunga, ngakhale mphumi yanu. Kachipangizo kakuchipatala kaja ntchito yake n'kungolandira kuwala kochoka pamphumipo n'kuwerenga kuchuluka kwake. Cheza cha yureniyamu ndi nkhani ina. Icho chili ndi mphamvu yothyola tizigawo ting'onoting'ono ta m'maselo a thupi, pomwe infrared, ngakhale ichuluke, chomwe ingachite ndi kutenthetsa basi.

Wina anena kuti kutenthetsako ndiye kuopsa kwake, ndipo sakunama kotheratu. Anthu ogwira ntchito zaka zambiri pamaso pa ng'anjo zosungunulira galasi kapena chitsulo amatha kudwala ng'ala chifukwa cha infrared yochuluka. Koma nkhani ndi kuchuluka. Pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa yofika padziko ndi infrared, ndipo aliyense woyenda masana a mwezi wa Okutobala pakati pa depoti ndi msika wa Karonga amalandira yambiri zedi osadwala nayo maso. Mayi wowerama pa mbaula kukupiza makala amalandira kumaso infrared yoposa kutalitali yomwe limoti ingatulutse. Limoti imayendera timabatire tiwiri tomwe timatha miyezi tisanathe mphamvu. Ikani chala pa kababu kake n'kudina batani mpaka mutatopa, simumva kufunda kulikonse. Munthu amene amawotha moto mwezi wa Juni popanda nkhawa koma n'kumaopa limoti, mantha ake sanawerengere bwino.

Funso lenileni ndi loti kuwala kofooka chonchi TV imakuzindikira bwanji m'nyumba yodzaza ndi kuwala kwa dzuwa. Opanga oyambirira anagwa nalo vuto limeneli. Mu 1955 Eugene Polley wa kampani ya Zenith ku America anapanga limoti yonga tochi, koma dzuwa likalowa pazenera TV inkatha kusintha yokha. Chaka chotsatira Robert Adler wa kampani yomweyo anabweretsa yogwiritsa ntchito phokoso lomwe khutu la munthu silimva. Infrared inafala cha m'ma 1980, ndipo nzeru yake ndi iyi: kababu sikangoyaka chiyakire, kamathwanima mothamanga kwambiri, maulendo pakati pa 36,000 ndi 40,000 pa sekondi imodzi. Kadiso kakutsogolo kwa TV kanapangidwa kuti kazimva kuthwanima kwa liwiro limenelo kokha, kuwala kosathwanima ngati kwa dzuwa n'kumakunyalanyaza. Uthenga weniweni umakhala pa kutalika kwa nthawi yomwe kuthwanimako kukuchitika ndi nthawi yomwe kwaima.

Apa ndi pomwe makampani anapatukirana. Ndondomeko yofala kwambiri m'zipangizo zotsika mtengo ndi ya kampani ya NEC ya ku Japan, ndipo ndi yosangalatsa kuiona pafupi. Nthawi yake imawerengedwa m'mamilisekondi, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukadina batani, kababu kamathwanima maulendo 38,000 pa sekondi kwa mamilisekondi 9, kenako kamakhala chete mamilisekondi 4.5. Uku n'kuodira, kuuza TV kuti tcherani khutu. Kenako pamabwera timanambala 32, kalikonse ndi 0 kapena 1. Kalikonse kamayamba ndi kuthwanima kwa mamilisekondi 0.56, chete wotsatira akakhala wofanana ndi kuthwanimako ndiye 0, akatalika katatu ndiye 1. Timanambala 8 toyamba ndi adiresi, kunena kuti uthengawu ndi wa chipangizo chiti. Tina 8 totsatira ndi adiresi yomweyo yotembenuzidwa, pomwe panali 0 pali 1, pomwe panali 1 pali 0. Kenako 8 ta lamulo lenileni, monga kukweza mawu, ndi 8 tomaliza ta lamulolo lotembenuzidwa. TV imayerekeza ziwirizo, zikapanda kugwirizana imataya uthenga wonse m'malo mochita zolakwika. Chifukwa cha kutembenuzaku, uthenga uliwonse umakhala ndi ma 0 okwana 16 ndi ma 1 okwana 16, motero umatenga nthawi yofanana nthawi zonse, mamilisekondi 67.5. Mukapanikiza batani osachotsa chala, limoti sibwereza uthenga wonse, imangotumiza kachizindikiro kakafupi pafupifupi maulendo 9 pa sekondi kotanthauza kuti pitirizani.

Sony inasankha njira ina. Yake imathwanima maulendo 40,000 pa sekondi, imaodira kwa mamilisekondi 2.4, ndipo imasiyanitsa 0 ndi 1 potalikitsa kuthwanima, osati chete: mamilisekondi 0.6 ndi 0, mamilisekondi 1.2 ndi 1. Uthenga wake umakhala wa timanambala 12, 15 kapena 20. Philips ya ku Netherlands, mu ndondomeko yake ya RC-5, imathwanima maulendo 36,000, imatumiza timanambala 14, ndipo siyang'ana kutalika konse. Nthawi ya kanambala kalikonse imagawidwa pakati, n'kuona ngati kuwala kwabwera m'theka loyamba kapena lachiwiri. Samsung ili pafupi ndi NEC koma kuodira kwake n'kwa mamilisekondi 4.5, ndipo kusiyana kochepako n'kokwanira kuti ziwirizi zisamvane.

Nkhaniyi ikanakhala ya amisiri okha zikanakhala kuti zipangizo za m'nyumba imodzi zimachokera ku kampani imodzi. Ku Karonga sizili choncho. Katundu wambiri wa zamagetsi amachokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya ndi Kasumulu n'kulowa pa Songwe, wina amakwera msewu wa M1 kuchokera ku Mzuzu. M'nyumba yoonetsera mpira ku Chilumba kapena ku Kaporo mupeza TV ya mtundu wina, dikoda ya Azam kapena DStv, ina ya Kiliye Kiliye, ndi chimkuzamawu cha dzina losadziwika, chilichonse ndi limoti yake yokulungidwa m'pulasitiki kuopa fumbi, chotsekera mabatire chitamangidwa ndi mphira. Limoti ikatayika, mwini wake amagula yofanana nayo maonekedwe kwa venda, kunyumba n'kukana, ndiye mlandu umagwera venda kuti wagulitsa feki. Nthawi zambiri limotiyo ndi yamoyo. Zili ngati kulankhula Chingonde kwa munthu womva Chiswahili chokha: mawu akutuluka bwinobwino, khutu likugwira ntchito, koma kukweza mawu sikuthandiza kanthu. Chodabwitsa china, choti limoti ya chimkuzamawu ikuzimitsa dikoda, nachonso si zamatsenga. Adiresi ya timanambala 8 imangopereka mpata wa maadiresi 256, ndipo opanga zipangizo zotchipa ambiri amagwiritsa ntchito adiresi yomweyomweyo.

Ndiye mauthenga a limotiwa, omwe amatchedwa makhodi, angasinthidwe kuchoka ku ndondomeko ina kupita ku ina? Anthu amasakaniza ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulemba uthenga womwewo m'njira ina, ndipo iyi ndi masamu chabe. Mwachitsanzo, kalembedwe kotchedwa Pronto, komwe kanayamba ndi malimoti a Philips ndipo kamagwiritsidwa ntchito kwambiri pogawana makhodi pa intaneti, sikawerenga mamilisekondi koma maulendo a kuthwanima. Kuodira kwa NEC kwa mamilisekondi 9 kumakhala maulendo 342, chete wa 4.5 kukhala 171. Kompyuta imachita zimenezi mosalakwitsa. Ntchito yachiwiri, yotenga batani la Sony n'kulisandutsa la Philips, ilibe masamu. Pa TV ya Sony kukweza mawu ndi lamulo nambala 18, kutsitsa ndi 19, kuzimitsa mawu ndi 20. Pa RC-5 kukweza ndi 16, kutsitsa 17, kuzimitsa mawu 13. Batani lolembedwa 1 limatumiza lamulo 0 pa Sony, koma pa RC-5 limatumiza 1. Palibe chowonkhetsa kapena chochotsera chomwe chingakutengereni kuchoka pa mndandanda wina kufika pa unzake, chifukwa kampani iliyonse inangosankha manambala mwa kufuna kwake. Chofunika ndi mndandanda wolembedwa ndi munthu amene anayeza malimoti onse awiri. Limoti yogwira pa ma TV ambiri, yomwe amaitcha yunivesale, ndi nkhokwe ya mindandanda yotere, ndipo nambala yomwe mumalowetsa poikonza imangoiuza tsamba loti itsegule. TV yanu ikakhala kuti mulibe m'nkhokwemo, mungadine mpaka kucha.

Otsutsa anena kuti alipo malimoti ophunzira, omwe amamvera limoti yakale n'kujambula uthenga wake, nanga mndandanda ndi wa chiyani? Alipodi, ndipo si atsopano: Steve Wozniak, mmodzi mwa oyambitsa Apple, anatulutsa yotere mu 1987. Koma kujambula kumafuna kuti limoti yakale ikhalepo ndipo ikhale yamoyo, pomwe vuto la anthu ambiri n'loti inatayika. Komanso kujambula kuli ndi malire. RC-5 ili ndi kanambala kamodzi komwe kamasintha nthawi iliyonse mukadina batani mwatsopano, kuti TV isiyanitse kudina kawiri ndi kupanikiza kamodzi. Limoti yomwe yajambula uthenga umodzi wokha imatumiza kanambalako kosasintha, ndiye batani limagwira koyamba, kachiwiri n'kukana. Makina oziziritsa m'chipinda, omwe malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amadalira, amavuta kuposa apa, chifukwa limoti yake imatumiza zonse pamodzi, mlingo wa kuzizira, liwiro la mphepo ndi zina, mu uthenga umodzi wautali. Ma TV ena atsopano asiya infrared pa mabatani ambiri n'kutenga Bluetooth, ndipo kumeneko kujambula kuwala kulibe phindu. Mapulogalamu a pa foni nawo amagwira pokhapokha foniyo ili ndi kababu ka infrared pamwamba, monga zina za Xiaomi ndi Huawei. Foni yopanda kababuko singatulutse kuwala komwe ilibe.

Zotsala ndi nthano ziwiri zotopetsa. Yoti khodi yolakwika imaotcha TV ilibe mutu: kadiso ka TV kamalandira kuwala, sikalandira magetsi, ndipo uthenga wosadziwika umangotayidwa. TV ikafa tsiku lomwe munayesa limoti yatsopano, yang'anani kaye magetsi obwera mwamphamvu akazima n'kuyakanso, kapena mawaya a sola olumikizidwa mwachisawawa. Yoti pali khodi yachinsinsi yotsegulira mpira waulere pa dikoda ndi msampha wa akuba ndalama. Matchanelo olipira amatsekulidwa ndi chilolezo chochokera ku kampani kudzera pa setilaiti, pomwe limoti imangonena batani lomwe ladinidwa.

Malangizo ake si ambiri. Yesani limoti pa kamera ya foni musanaitaye, ndipo pokagula ina tengani dzina ndi nambala ya kumbuyo kwa TV, osadalira maonekedwe. Ngati mukufuna choopa pa limoti, itseguleni kumbuyo. Chizolowezi choluma mabatire kuti abwerere mphamvu chimaika mankhwala owononga pakamwa. Timalimoti ting'onoting'ono ta zimkuzamawu ndi magetsi okongoletsa timayendera kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo mwana akakameza kangathe kuotcha kummero m'maola awiri okha. Mwana wotero athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe kudandaula.