Kusokonezeka kwa Msambo: Zifukwa Zake ndi Chochita

Ku Lobi, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Dedza, mwambo wa makolo umati mayi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Motero apabanja amadziwa kuti masiku afika, koma palibe amene amafunsa m'mene msambowo ukuyendera. Amayi ambiri amangopirira mwakachetechete, chonsecho kusintha kwa msambo nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha matenda ochizika.

Msambo wabwino umabwera pakapita masiku 21 mpaka 35 kuchokera tsiku limene wapitawo unayamba, ndipo supitirira masiku 7. Kwa mtsikana wongotha kumene msinkhu ndi kwa mayi woyandikira kusiya kusamba, kudumpha masiku si chachilendo.

Msambo ukaleka, choyamba kuganizira ndi pakati. Kuyamwitsa, kuonda kwambiri, nkhawa ndi chifuwa chachikulu zimauimitsanso. Jakisoni wolera wa miyezi 3 amachita chimodzimodzi, ndipo magazi saunjikana m'mimba monga ena amaopera. Mankhwalawo amaletsa m'kati mwa chiberekero kukhuthala, choncho palibe chotuluka.

Kutaya magazi ambiri, kotero kuti nsalu inyowa ola lililonse kapena patuluka zibuma zikuluzikulu, kungachokere ku zotupa za m'chiberekero kapena zotsalira mayi akapita padera. Mayi wotere magazi amamuchepera. Amachita chizungulire, mtima umagunda kwambiri, ndipo amatopa msanga kudimba. Afunika mapiritsi owonjezera magazi ndi zakudya monga bonongwe, nyemba, usipa ndi chiwindi.

Magazi otuluka pakati pa misambo iwiri, kapena mayi akakhala malo amodzi ndi mwamuna, angasonyeze matenda opatsirana pogonana, likodzo, kapena khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri, ndipo mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Amayi ayenera kukayezetsa. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo zotsatira zimadziwika tsiku lomwelo.

Cham'mimba cha tsiku limodzi kapena awiri chimachepa ndi mankhwala opha ululu. Koma mayi amene wadumpha msambo, kenaka namva ululu woopsa mbali imodzi ya chinena ndi chizungulire, mwina ali ndi pakati pokhala kunja kwa chiberekero. Ameneyo atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa angathe kutayira magazi m'kati mpaka kumwalira.

Mayi aliyense azilemba chizindikiro pa kalendala tsiku limene msambo wayamba ndi limene watha. Zachilendo zikaoneka miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana, atenge kalendalayo ndi buku lake la kuchipatala, akafotokozere anamwino pa chipatala cha Lobi mosachita manyazi. Vuto likakhala lalikulu adzamutumiza ku chipatala cha boma ku Dedza. Abambo nawonso athandize ndi ulendo, pakuti matenda odziwika msanga savuta kuchiza.