Kiyi wa pansi pa mwala

Ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, anthu ambiri amalima kacewere ndi tirigu. Masiku ano alimi ena ali ndi foni zojambula zithunzi. Mlimi amajambula pepala la ngongole ya feteleza, kapena nambala ya galimoto imene yanyamula matumba ake kupita ku Tete. Usiku iye amagona. Koma foni yake, ngati anaikonzera kutero, siigona. Imatumiza zithunzi ndi mauthenga a WhatsApp ku makompyuta a Google amene ali kutali. Foni ikatayika, zinthuzo zimatsala kumeneko.

Kompyuta yakutaliyo siilandira katundu kwa munthu wosamdziwa. Imayamba yafunsa dzina ndi mau acinsinsi. Nanga usiku amayankha ndani, mwini wake ali m'tulo? Amayankha ndi makina omwewo. Makina otumiza okha ayenera kusunga cotsegulira m'kati mwao.

Zili ngati munthu amene ali ndi nyumba yosungiramo kacewere. Galimoto imafika pakati pa usiku, kunja kukuzizira, ndipo iye safuna kudzuka. Amabisa kiyi pansi pa mwala pafupi ndi citseko, nauza dalaivala. Nchito imayenda bwino, mpaka tsiku limene mbusa wa mbuzi agudubuza mwalawo.

Makompyuta anayamba ndi njira yomweyi. M'caka ca 1971, Abhay Bhushan, wa pa sukulu ya MIT ku America, analemba malamulo otumizira mafayilo kucokera ku kompyuta ina kupita ku inzake. Fayilo ndi cinthu cosungidwa m'kompyuta, monga kalata kapena cithunzi. Malamulowo amachedwa FTP. Pambuyo pake, pa makompyuta a Unix, panabwera kafayilo kochedwa .netrc. M'menemo munthu amalemba dzina la kompyuta yakutali, dzina lake lolowera ndi mau ake acinsinsi. Nthawi yotumiza ikakwana, pulogalamu imawerenga kafayiloko nilowa yokha.

Mau a m'kafayiloko ndi olembedwa poyera, ngati a m'kope la sukulu. Aliyense wokatsegula akhoza kuwawerenga. Ndi cifukwa cake pulogalamu ya FTP imakana kuwagwiritsa nchito ngati anthu ena aloledwa kuwerenga kafayiloko. Vuto lina linali panjira. Mauwo anali kuyenda pa waya osaphimbidwa, ngati kalata yopanda envulopu.

M'caka ca 1995, pa sukulu ina ya ukacenjede pafupi ndi Helsinki, m'dziko la Finland, akuba anachera khutu pa waya natola mau acinsinsi a anthu ambiri. Tatu Ylönen, amene anali pa sukulupo, anapanga njira yatsopano yochedwa SSH. Njira imeneyi imaphimba zonse zoyenda panjira. Imalolanso kulowa ndi zinthu ziwiri zopangidwa pamodzi, ngati loko ndi kiyi wake. Loko amaikidwa pa kompyuta yakutali. Kiyi amatsala kunyumba ndipo sayenda. Pofuna kulowa, kompyuta yakutali imaponya ndagi imene angaimasulire ndi mwini kiyi yekha. Ulendo uliwonse ndagi imakhala ina, cotero womvetsera mobisa sapindula kanthu ndi yankho la dzulo.

Ngakhale zili conco, kiyi uja akadali m'makina a kunyumba. Woba makinawo wabanso kiyi. Anthu osamala amapatsa makina kiyi wotsegula cipinda cimodzi cokha, cimene katundu amatulidwamo, osati nyumba yonse.

Foni ya mlimi uja siisunga mau acinsinsi eni ake. Tsiku loyamba mwini amawalemba, ndipo Google imapatsa foniyo cizindikiro cake, conga tikiti. Usiku uliwonse foni imaonetsa tikitiyo. Foni ikabedwa, mwini akhoza kulowa pa foni ya mbale wake nafafaniza tikiti ya foni yobedwayo. Koma kuti atero ayenera kudziwa mau ake acinsinsi.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Kawirikawiri amene anatsegula akaunti si mwini foni, koma mnyamata wokonza mafoni pamsika. Mauwo anasankha ndi mnyamatayo, ndipo mwini sanawafunse n'komwe. Foni ikasowa pa tsiku la msika ku Lizulu, ilibe nambala yotsekera, woitola amapeza citseko cili pululu. Mwini sangathe kucitseka. Sangathenso kutenga cithunzi ca pepala la ngongole lija, ngakhale cidakalipo.

Ena amalemba mauwo pa kapepala nakalowetsa kuseri kwa cikuto ca foni. Kumeneko ndi pansi pa mwala pomwe paja. Malo abwino a kapepalako ndi m'bokosi la kunyumba, pamodzi ndi ziphaso za banja. Ndipo foni isanagulitsidwe, akaunti iyenera kucotsedwamo coyamba.