Tcheni Chikamavuka, Girizi Si Mankhwala

Pa malo ophwanyira miyala ya kwale, pa ntchito zokumba madamu ndi zolambula misewu, mumapezekabe zimakina zokalamba zoyenda pa matcheni zokhala ndi chifosholo kutsogolo. Zina ndi za mtundu wa Caterpillar 955 ndi 977, womwe unayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1950, zina ndi 953, ya injini kumbuyo, yomwe inabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Injini zake n'zopirira. Chimene chimazigoneka pansi kawirikawiri ndi cha kumiyendo: tcheni chavuka, chikudumpha mano, kapena chikulira. Zikatero anthu amathamangira kupopera girizi m'chokungira kuti tcheni chikungike. Pa makina akale, kuchita zimenezi usanayeze n'kuwonjezera matenda, chifukwa kukhwepa kwa tcheni ndi chizindikiro chabe cha kudyeka komwe kuli kwina.

Tcheni chimapangidwa ndi malinki olumikizidwa ndi pini yodutsa m'kati mwa bushi. Makina ambiri akale ali ndi tcheni chouma, chopanda oyilo pakati pa pini ndi bushi. Matcheni otsekeredwa oyilo m'kati anayamba kufala m'zaka za m'ma 1970. Pa tcheni chouma, nthawi iliyonse linki ikapindika pozungulira gudumu, zitsulo ziwirizi zimaperesana, ndipo mchenga ukalowamo zimadyana msanga. Diso silikuona kudyekako, koma masamu ake ndi osavuta. Tcheni cha malinki pafupifupi 40, polumikizira paliponse pakadyeka mamilimita 3, chatalika masentimita 12. Aliyense wa kabaza akudziwa zotsatira zake: tcheni chotalika sichikhalanso bwino m'mano, chimakwera pamwamba pake n'kuwasongola, ndipo ngakhale ukokere gudumu m'mbuyo chimadumphabe. Pa chimakina zili chimodzimodzi. Mano a sprocket, gudumu la kumbuyo lomwe limakoka tcheni, anasulidwa molingana ndi mtunda wa pini ndi pini wa tcheni chatsopano. Mtundawo ukakula, palibe girizi amene angaubweze.

Kukunga kwambiri kumangofulumizitsa imfa. Tcheni chothina chimakanikiza bushi pa dzino, chimalemetsa mabering'i a idler, gudumu losalala la kutsogolo, komanso chimadya mphamvu ya injini ndi dizilo. Opanga makinawa amanena kuti zitsulo za kumiyendo zimatha kudya mpaka theka la ndalama zonse zokonzera chimakina pa moyo wake, ndipo kuthinitsa tcheni ndi chimodzi mwa zolakwa zomwe amachenjeza kwambiri. Tcheni chabwino chimayenera kulendewera pang'ono. Pa makina ambiri a msinkhu uwu, ukayala chingwe kapena thabwa lowongoka pamwamba pa tcheni, kuchokera pa idler kufika pa karola kakumwamba, pakati pamatsala mpata wa masentimita pafupifupi 5, ngakhale mwini mawu ndi buku la chimakinacho. Poyeza, chimakina chiyende chakutsogolo n'kuima chokha osaponda buleki, ndipo chiyezedwe ndi matope omwe chikugwiramo ntchito. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Tcheni chokungidwa bwino pa nthaka youma ya mu Okutobala chimathina mvula ikagwa, pakuti dothi la makande limadzadza m'mano ndi m'marola n'kuchikunga lokha. Fosholo yamanja yochotsera matope madzulo imapulumutsa zitsulo zambiri kuposa pampu ya girizi.

Makanika wodziwa amayamba ndi mafunso. Kodi tcheni chikakungidwa m'mawa chimakhwepanso masana? Ndiye kuti seal ya chokungira yatha, girizi akuthawa. Kodi idler yafika kumapeto kwa njira yake? Tengani tepi, kungani tchenicho poika chitsulo m'dzino la sprocket n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, yezani mtunda wa malinki anayi kutali ndi pini yolumikizira tcheni, mufanizire ndi muyeso wa m'buku. Chikamavuka pokhota kapena pa malo opendekeka pomwe muyeso uli bwino, yang'anani milomo ya marola apansi ndi ya idler yomwe imasunga tcheni m'njira yake, muonenso ngati idler ikugwedezeka cham'mbali chifukwa zitsulo zoyendamo zadyeka. Kudyeka kwa mbali imodzi yokha kumaloza felemu yopindika kapena yosalunjika. Rola yotentha kuposa zinzake mutayenda pang'ono ndiye kuti yataya oyilo, ndipo posachedwa iuma n'kuyamba kupala malinki. Chimakina chokokera mbali imodzi nthawi zambiri si mlandu wa tcheni: pa 955 ndi anzake kayang'aneni klatchi ndi buleki zokhotetsera, pa 953 kayang'aneni mapampu ndi mamota a oyilo oyendetsa mbali iliyonse. Ndipo pofewetsa tcheni, valavu ya girizi imatsegulidwa pang'onopang'ono, osapitirira kuzungulira kumodzi, nkhope ili kutali, chifukwa girizi wa m'menemo amatha kuboola thupi. Sipuling'i yaikulu ya kuseri kwa idler si yomasula ndi masipanala pansi pa mtengo, imapha.

Mwini chimakina adzayankha kuti zonsezi n'zolankhula za anthu a ndalama. Matcheni atsopano ayenera kuitanitsidwa kunja, mtengo wake ungathe kuposa wa chimakina chenichenicho, ndipo ntchito ya mwini msewu siidikira. Bwanji osangochotsa linki imodzi n'kupitiriza? Funsoli si lopusa. Pa chimakina chomwe chatsala ndi ntchito ya miyezi yowerengeka, chomwe tcheni chake chinatheratu, kuchotsa linki kumabwezera idler malo okungira ndipo ntchito imatha. Koma tisamanamizane kuti takonza. Mtunda wa pini ndi pini udakali wotalika, mano akudyekabe, ndipo mabushi opyapyala aja tsiku lina adzang'ambika. Amene anayeza msanga ali ndi njira zotsika mtengo zomwe mnzake wochedwa alibe. Mapini ndi mabushi amatha kutulutsidwa pa makina okanikizira n'kutembenuzidwa kuti mbali yosadyeka igwire ntchito, zomwe zimabweza muyeso pafupi ndi wakale. Koma bushi ikabooka, mwayi umenewu wapita. Idler ndi marola amatha kuwotchereredwa n'kubwerera pa msinkhu wake. Ngakhale amene wagula tcheni chatsopano asaumire pa sprocket, chifukwa mano osongoka amadya mabushi atsopano msanga kwambiri.

Pali zina zosafuna n'kobiri lomwe. Kuyenda cham'mbuyo kumadya mabushi ndi mano kuposa kuyenda chakutsogolo, chifukwa bushi imazungulira m'dzino katundu yense ali pa iyo. Woyendetsa adzati ntchito yopakira ndiyo yomweyo: kulowa mu mulu, kubwerera, kukhota, kukhuthula m'lole. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake makina opakira amavala nsapato za mizere iwiri kapena itatu yaifupi, zokhota mosavuta, osati za mzere umodzi wautali ngati za katapila wokankha dothi. Komabe lole ikhoza kuimikidwa pafupi ndi mulu kuti ulendo wam'mbuyo ufupike, liwiro lobwerera likhoza kuchepa, ndipo mbali yokhotera ikhoza kusinthidwa kuti tcheni chimodzi chisathe chinzake chikadali chabwino. Mabawuti a nsapato akakhwepa amakulitsa mabowo a linki, choncho ayenera kumangidwa tsiku lomwelo, mabowo asanakule.