Batani la 48V pa mikisa: lizimitseni musanalowetse maikolofoni

Abale ndi alongo, ambiri tinamvapo phokoso lakuti "phu!" m'masipika pamene wina asintha maikolofoni mapemphero ali mkati. Nthawi zambiri gwero lake ndi kabatani ka pa mikisa kolembedwa kuti +48V kapena Phantom. Kulowetsa kapena kuzula maikolofoni batani limeneli lili loyatsa kungaononge zipangizo zimene mpingo unagula ndi zopereka.

Mau akuti phantom atanthauza mzukwa, koma palibe zamatsenga apa. Dzinali linabwera cifukwa magetsi ake alibe nthambo yaoyao yooneka: amayenda m'nthambo imodzimodzi imene imanyamula mau. Kampani ya Neumann ya ku Germany ndiyo inayambitsa njira ya 48V mu 1966, pokonzera maikolofoni wailesi ya dziko la Norway. Magetsiwa ndi ofooka poyerekeza ndi a 230V a ZESCO, conco ngozi yake ili pa zipangizo ndi m'makutu, osati pa moyo wa munthu.

Si maikolofoni onse amene amafuna magetsiwa. Amtundu wa condenser, monga aja a khosi lalitali a pa gome ndi aja oimikidwa patsogolo pa kwaya, sagwira nchito popanda iwo. Amtundu wa dynamic, monga Shure SM58 yogwira m'manja, sawafuna, ndipo saonongeka nao ngati nthambo ili bwino. Koma pa mamikisa ambiri aang'ono batani ndi limodzi cabe, ndipo likayatsidwa limatumiza magetsi ku mabowo onse a maikolofoni nthawi imodzi.

Nanga phokosolo limacokera kuti? Pulagi ya maikolofoni, yochedwa XLR, ili ndi timano titatu. Dzino loyamba ndi lobwezera magetsi, pamene laciwiri ndi lacitatu onse amanyamula 48V yofanana. Mikisa imakuza kusiyana kumene kuli pakati pa mano awiriwa, ndipo mau a munthu amabweretsa kusiyana kocepa kwambiri, kosafika ngakhale pa 1V. Polowetsa pulagi, mano sakhudza onse nthawi imodzi. Kwa kanthawi kocepa mbali imodzi imasiyana kwambiri ndi inzake, mikisa nikuza kusiyanako ngati kuti ndi mau, ndipo ampulifaya imakankhira zonsezo m'masipika.

Coyamba kuvulala kawirikawiri ndi tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa mau opyapyala. Ikapsa, kwaya imamveka ngati ikuimbira m'thumba. Bowo la pa mikisa nalonso lingafooke kapena kufa. Amene wakhala pafupi ndi sipika kapena wavala mahedifoni amamva kuwawa m'makutu. Ngozi imakula nthambo ikakhala yolumikizalumikiza kapena yoochereredwa molakwika, cifukwa 48V ingafike pamene siyenera kufika. Cimodzimodzi foni, laputopu kapena kiyibodi: musazilowetse m'bowo la XLR batani lili loyatsa. Gwiritsani nchito bowo lolembedwa Line, kapena kabokosi kochedwa DI.

Kwa ife a ku Chipangali, cipangizo cikafa ndiye kuti ulendo wa ku Chipata kukafuna wokonza, ndipo sipeya ikasowa kumeneko, iyenera kucokera ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500. Masabata onsewo nkhalamba zokhala kumbuyo sizimva ulaliki.

Kupewa kwake sikulira ndalama. Polowetsa maikolofoni, yambani mwatsitsa voliyumu ya bowo limenelo ndi voliyumu yaikulu, kapena kudina Mute. Onetsetsani kuti 48V ndi yozima, kenaka lowetsani pulagi mpaka igwire. Mukatero yatsani 48V, dikirani masekondi angapo, ndipo kwezani voliyumu pang'onopang'ono. Pozula, tsitsani voliyumu, zimitsani 48V, dikirani pafupifupi theka la mphindi kuti magetsi otsalira athe, ndiye muzule. Kudina batanilo nakonso kumatulutsa phokoso, n'cifukwa cake voliyumu iyenera kutsika poyamba. Ngati mpingo wanu ulibe maikolofoni a condenser kapena kabokosi ka DI kofuna magetsiwa, batanilo lizikhala lozima nthawi zonse.

Kumbukiraninso kuti ampulifaya imayatsidwa pomaliza ndi kuzimitsidwa poyamba. Magetsi akazima ndipo mufuna kusamukira ku jenereta kapena ku sola, zimitsani ampulifaya musanasinthe.

Tikupempha akulu a mpingo kuti asankhe anthu awiri kapena atatu oyang'anira mikisa, alembe masitepe amenewa pa pepala ndi kulimata pambali pake. Maikolofoni onse alowetsedwe ndi kuyesedwa mapemphero asanayambe. Kwaya ya alendo ikabwera ndi maikolofoni ake, iwapereke kwa woyang'anira m'malo modzilowetsera yokha. Ndipo wacinyamata amene sakudziwa mtundu wa maikolofoni imene ili m'manja mwake afunse, pakuti safunsa anadya phula.