Mwana Ngwa Yani? Boma, Mbumba ndi Ntchito Yoteteza Ana

Funso limene tifuna kulisinkhasinkha pano ndi ili: mwana akakhala pa mavuto, kholo litamwalira kapena umphaŵi utafika posauzana, ndani ayenera kumteteza, nanga Boma liloŵepo motani? Kuno ku Mchinji, kumalire ndi Zambia ndi Mozambique, mayankho aŵiri osiyana adaoneka m'chaka chimodzi, cha 2006.

Mu Okutobala chaka chimenecho, woimba wa ku America, Madonna, adatenga mwana wamwamuna ku nyumba yolererako ana ya Home of Hope, ndipo Bwalo Lalikulu lamilandu lidatsimikiza zimenezi mu 2008. Mai wa mwanayo adaamwalira, koma bambo wake anali moyo. Chimene chidamfikitsa kumeneko ndi kusoŵa kwa pakhomo. Sitiweruza mitima ya anthu. Tingoona maganizo ake a njirayi: mwana apulumuke pa umphaŵi pochotsedwa pakati pa abale ake.

Chaka chomwecho Boma, mothandizana ndi UNICEF, lidayamba kuyesa ntchito imene tsopano timaitcha Mtukula Pakhomo, ndipo lidayambira ku Mchinji konkuno. Makomiti a anthu a m'midzi momwemo ndiwo ankasankha mabanja osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi mwa mabanja 10 alionse: agogo olera zidzukulu, ana odzilera okha. Mabanjawo ankalandira ndalama, ndi zina zoonjezera pa mwana aliyense wa pa sukulu. Pofika 2018 ntchitoyi inali itafika m'maboma onse 28. Apa mwana akhala pomwe ali, ndipo olimbikitsidwa ndi manja amene amgwirizira kale.

Njira yachiŵiriyi ili ndi maziko ozama. Pakati pa Acheŵa mwana ndi wa mbumba, ndipo mtsibweni, mlongo wa mai wake, ndiye mwini mbumba. Pakati pa Angoni, monga a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, mwana amaŵerengedwa ku chimuna. Konse kuŵiri mwana wopanda mwini kulibe. Pa abale ake ndi pomwe amapeza mfunda, munda, manda a makolo ndi chilankhulo. Mliri wa Edzi udalemetsa mabanja kopitirira muyeso, koma sudafafanize mwambowu. Tsono zimene banja ndi mudzi zingathe kuchita, ulamuliro wapamwamba usazilande, koma uthandizepo. Ndiyo mfundo imene Papa Pius XI adaifotokoza mu 1931 m'kalata ya Quadragesimo Anno.

Kuti tione zimene zimachitika mfundoyi ikanyozedwa, tiyang'ane ku Australia. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka cha m'ma 1970, maboma a kumeneko ankachotsa ana a eni nthaka, a mtundu wa Aboriginal, kwa makolo ao, nkukaŵasunga m'nyumba za Boma, ku mamishoni, kapena m'mabanja a Azungu, ati poŵateteza. Lipoti la Bringing Them Home la mu 1997 lidaulula zoŵaŵa zimene anawo adakumana nazo, ndipo pa 13 Febuluwale 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd idapepesa m'nyumba ya malamulo. Eni nthakawo sadadikire kupepesako: mu 1981 adakhazikitsa bungwe la SNAICC lolankhulira ana ao. Lamulo la mu 2005 la chigawo cha Victoria lidalola kuti mphamvu zosamala mwana wa mtundu wao zipatsidwe kwa bungwe lao lomwe. Pa mgwirizano wa Closing the Gap wa mu 2020, maboma adalonjeza kuchepetsa kuchuluka kwa ana otere okulira kunja kwa mabanja ao ndi 45 peresenti pofika 2031. Kufunika kwa lonjezo lotere zaka 12 chipepesere kutionetsa kuti bala la kulekanitsa mwana ndi kwao limatenga mibadwo kuti lipole.

Komabe tisathamangire kunena kuti zonse za m'mudzi nzabwino. Mwini mbumba yemwe ayenera kuteteza mtsikana ndiye amene nthaŵi zina amalola kuti akwatiwe ali wamng'ono. Nchifukwa chake malamulo ngofunika: la mu 2010 loteteza ana, loletsa kukakamiza mwana ukwati, la mu 2015 la maukwati, loika zaka 18, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, kumene kudatseka mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana wosafika zakazo. Koma lamulo limagwira ntchito likapeza mwini m'mudzi. Mfumu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, pofika 2016, inali itathetsa maukwati a ana oposa 800, ndipo inkaimitsa pa udindo nyakwaŵa zolekerera mchitidwewo. Mwambo udakonzedwa ndi mwini mwambo, lamulo lili pambuyo pake.

Chenjezo lachiŵiri ndi lakuti kupatsa mudzi udindo popanda zipangizo ndiko kuutaya. Olera ana m'sukulu zamkombaphala ambiri akhala akugwira ntchito mongodzipereka, ndipo ndalama zochuluka za Mtukula Pakhomo zakhala zikuchokera ku maiko ndi mabungwe akunja. Kumalire kuno ana ena amanyengedwa kukaŵeta ng'ombe kapena kukalima fodya ku Zambia. Nyakwaŵa ndiyo imayamba kudziŵa kuti mwana wasoŵa, koma kukamtenga kutsidya kwa Mwami kufuna apolisi, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, galimoto, mafuta, ndi lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa anthu. Zimenezi ndi za Boma.

Choncho ntchito iliyonse yothandiza ana imene ifika m'midzi yomwe timatumikira, kaya ya Boma, ya bungwe kapena ya mpingo, tiziifunsa mafunso atatu. Kodi eni mwana ali ndi mau posankha zochita? Kodi apatsidwa zoŵayenereza kusenza udindowo? Nanga iwo omwewo akamlakwira mwanayo, akadandaule kwa yani?