Kukuza Mseu Popanda Kuononga Milambe ndi Manda

Anzanga, ambiri a ife tibwera kuno ku sukulu pa minibasi, ndipo mseu tiuyesa chinthu chongopitapo. Ine ndifuna kulongosola pang'ono za nchito yokuza miseu ya kwathu kuno ku Machinga ndi Balaka, makamaka za zinthu zimene ziri m'mbali mwa mseu, pakuti katapila akafika zimenezi ndizo ziyamba kugwa.

Chifukwa chokuzira mseu sichisowa. Miseu yathu ya phula inamangidwa yopapatiza, nthawi imene magalimoto anali owerengeka. Koma tsopano pa mseu umodzi payenda malole a katundu, akabaza, ngolo za ng'ombe, amai osenza nkhuni ndi ana a sukulu. Malole awiri akakumana, wa njinga alibe kothawira koma kutchire. Munthu wonena kuti mseu ungokhala monga uliri sanapalasepo njinga pa mseu wotere tsiku la msika.

Mseu wochokera ku Liwonde kudzera pa Ulongwe kukafika ku Mangochi, wotalika makilomita 75, unakonzedwa ndi kukuzidwa ndi ngongole ya African Development Bank imene inabvomerezedwa mu 2013. Mu 2019 banki yomweyo inabvomerezanso ndalama za mseu wa makilomita 55 wochokera ku Nsipe, kudzera ku Balaka, kufika ku Liwonde. Miseu iwiriyi iri mbali ya njira yaikulu ya katundu yopita ku doko la Nacala ku Mozambique. Amene ayang'anira miseu yotere m'dziko muno ndi a Roads Authority.

Tsono apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Lamulo linapatula malo a mseu waukulu okwana mamita 60, ndiko kunena mamita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo, kuwerenga kuchokera pakati pa mseu. Koma phula lokha, pamodzi ndi malo a njinga m'mbali, silidzaza ngakhale theka la malowo. Kotero sikuti mtengo uli wonse woima m'malo a mseu uyenera kugwa. Ena agwa chifukwa atsekadi njira, ena agwa chifukwa chakuti kugwetsa nkwapafupi kuposa kulambalala.

Ndiyambe ndi mlambe, popeza ndiwo mtengo wa chigwa chathu cha Shire. Akatswiri anapima milambe ina ya mu Africa napeza kuti yapitirira zaka 1,000. Ena mwa iyo imene tiiona pa zenera la minibasi inaliko kale pamene David Livingstone anakwera ndi mtsinje wa Shire mu 1859. Malambe ake tidya ndi kugulitsa, makungwa ake apota nawo zingwe, m'mphako mwake mukhala njuchi, ndipo maluwa ake, amene amasula usiku, achezeredwa ndi mileme. Boma likatenga nyumba kapena mtengo wa mango, mwini wake alandira chipukuta misozi, namanga nyumba yina, nabzala mango ena amene adzadya iye yemwe asanakalambe. Nanga mlambe wa zaka mazana asanu mudzaulipira bwanji? Mbande zimene abzala pambuyo pake nzabwino, koma mthunzi wake adzauona ndi adzukulu a adzukulu athu, ngati mbuzi zizisiya.

Njira zopulumutsira mtengo wotere zilipo, ndipo sizodabwitsa. Mainjiniya akhoza kukuza mseu mbali imodzi yokha, kusiya mbali imene kuli mtengo. Akhoza kukhotetsa mzere wa mseu pang'ono, poyambira patali, kotero kuti woyendetsa galimoto sazindikira nkomwe. Pa nthawi ya nchito atchinga mpanda mozungulira mtengo, chifukwa mizu ya mlambe iyenda pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo makina olemera akaipondaponda kapena kuidula, mtengo udwala ngakhale thunthu lake sanalikhudze. Komabe tisaiwale kuti mtengo waukulu woima pafupi kwambiri ndi phula upha anthu galimoto ikaphonya mseu. Pamenepo afunika kuika chotchinga chachitsulo, ndipo pena, ngati palibedi njira yina, mtengo ugwa. Ine sinditsutsa zimenezo, malinga ayambe ayesa njira zinazo.

Manda ali ndi bvuto lao. Kwathu kuno, kwa Ayao, Amang'anja ndi Angoni omwe, kumanda sadulako mitengo wamba, ndipo chifukwa cha ichi m'midzi yambiri kankhalango kotsala ndi ka kumanda kokha. Mseu ukadya manda udya zinthu ziwiri pamodzi, malo ogona makolo ndi mitengo yachilengedwe yotsiriza ya mudziwo. Kufukula mafupa ndi kukawaika kwina kutheka, pogwirizana ndi mafumu ndi abale, koma agogo anga anena kuti ndalama za mwambo wotere sizitsuka mtima wa munthu. Manda ena akalekale alibe mitumbira yooneka, ndipo woyeza malo wochokera ku Lilongwe sangawadziwe ngati nkhalamba za m'mudzi sizimuuza.

Pansi pa nthaka palinso mbiri. Ku Nkope, m'boma la Mangochi, ofufuza zakale anafukula mapale a mbiya za anthu oyamba kusula chitsulo m'dziko muno. Katapila akhoza kutembenuza mapale otere, kapena ng'anjo yakale, m'kamphindi. Lamulo la Monuments and Relics Act liti wopeza zinthu zotere adziwitse Boma, ndipo m'mapangano a miseu yaikulu alemba kuti nchito iyambe yaima pamalopo kufikira akatswiri a zakale ataona.

Zina zoononga sizioneka tsiku lotsegulira mseu. Maenje amene akumbamo dothi ndi miyala, akasiyidwa osakwirira, adzala madzi, naswa udzudzu, namiza ana. Kalavati yaing'ono kapena ngalande yolozetsa madzi m'munda wa munthu ibala chigwembe, ndipo mvula ya namondwe Freddy mu March 2023 inatiphunzitsa kuti madzi sasamala kuti phula ndi latsopano. Ndiponso mseu wosalala uthamangitsa makala. Amene mupita ku Zomba mwaona matumba ali ndandanda kunsi kwa mapiri a ku Machinga, pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Liwonde. Tsanya wa ku Balaka naye apita m'matumba momwemo.

Lamulo la Environment Management Act la 2017 liti nchito yaikulu isanayambe palembedwe lipoti lounika zimene nchitoyo idzaononga, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe. Nthawi yopulumutsa mlambe kapena manda ndi imeneyi, pamene mzere wa mseu ukali pa pepala, pakuti kuusuntha ndi pensulo sikudya ndalama zambiri. Malipoti amenewa ndi aakulu ndipo alembedwa m'Chingerezi. Ife a Fomu 3 ndi Fomu 4 tikhoza kuwawerengera makolo athu pa holide, ndipo msonkhano ukaitanidwa kwa a mfumu, titengeko kope lolembamo mitengo, manda ndi zitsime za mudzi wathu, chiri chonse ndi mtunda wake kuchokera pakati pa mseu.