Njira za Ndege ndi Zilolezo Zoulukira: Mmene Boma Limaziyendetsera

Unduna wa za Mtengatenga ukufotokozera anthu onse, makamaka alimi ndi amalonda, mmene njira za ndege zimakhazikitsidwira, za m'dziko muno ndi zopita kunja zomwe. Pali mafunso amene amamveka kawirikawiri. Wamalonda wopita kukapikula katundu ku Dubai kapena ku Guangzhou amadabwa kuti n'chifukwa chiyani ayenera kuyamba watsika ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, n'kuchezera pa mpando kudikira ndege ina. Mlimi wa ndiwo zamasamba amene wapeza wogula kunja amafunsa kuti Boma likulekeranji kuitana ndege ya katundu. Ena amafunsa chimene chimaletsa ndege ya kunja yotera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kutenga anthu a kuno pa ulendo wa pakatipo pamene mipando ilipo. Mayankho ena ali m'malamulo ndi m'mapangano a pakati pa maiko, ena ali pa malonda enieniwo, ndipo ziwirizi n'zofunika kuzisiyanitsa.

Mlengalenga muli eni ake

Pa 7 Disembala 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, maiko 52 anasaina pangano mumzinda wa Chicago ku America. Ndime yoyamba ya panganolo imavomereza kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Ndime yachisanu ndi chimodzi imaonjezera kuti ndege zoyenda maulendo okhazikika sizingalowe kapena kudutsa m'dziko lina popanda chilolezo cha dzikolo. Pangano lomweli ndi limene linabala bungwe la ICAO, lomwe linayamba ntchito mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Montreal, m'dziko la Canada. Malawi analowa m'bungweli mu 1964, chaka chimene analandira ufulu wodzilamulira.

Choncho palibe kampani, ingalemere chotani, imene ingangodzuka n'kuyamba kutera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Munthu salambula njira m'munda wa mnzake asanakambirane ndi mwini munda. Mphamvu ya Boma pa nkhaniyi inaonekera poyera mu 2020: pa 1 Epulo ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, kupatulapo zonyamula katundu ndi zobweza anthu kwawo, ndipo bwalo la Kamuzu linayambanso kulandira maulendo okhazikika pa 1 Sepitembala chaka chomwecho.

Pangano la maboma awiri

Njira yopita kunja imayambira pa tebulo la zokambirana, ndege isanaoneke n'komwe. Maboma awiri amasainirana pangano la maulendo a ndege, ndipo ambiri mwa mapangano otere amatengera kalembedwe ka limene Britain ndi America anapangana ku Bermuda mu 1946. M'panganomo mumalembedwa mizinda imene ndege zidzatere, maulendo angati pa sabata, makampani angati kumbali iliyonse, kakhazikitsidwe ka mitengo ya matikiti, komanso ufulu wa kampani wotumiza kwawo ndalama zimene yapeza pogulitsa matikiti. Chimene dziko limodzi lapereka, nalonso limayembekezera kulandira chofanana nacho. Paja chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana.

Zimene maboma amapatsanazi akatswiri amazitcha maufulu a mlengalenga, ndipo amaziwerenga ndi manambala. Woyamba ndi wodutsa pamwamba pa dziko osatera. Kwa Malawi ufulu umenewu si waung'ono, pakuti dziko lino lazunguliridwa ndi maiko ena mbali zonse, ndipo ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg iyenera kudutsa mlengalenga wa anansi monga Mozambique ndi Zimbabwe. Wachiwiri ndi wotera kuti ndege imwe mafuta kapena ikonzedwe, osatsitsa kapena kukweza munthu. Wachitatu ndi wachinayi ndiwo tsinde la malonda onse: kunyamula anthu ndi katundu kuchoka kwanu kupita kudziko lina, ndi kuchoka kudziko linalo kubwera kwanu.

Ufulu wachisanu ndi umene umavuta pa zokambirana. Mwachitsanzo, ndege ya kampani ya ku Malawi itanyamuka ku Lilongwe, n'kutera ku Dar es Salaam, kenaka n'kupitirira ku Nairobi, singakweze munthu pa Dar es Salaam wokatsikira ku Nairobi pokhapokha maboma a Tanzania ndi Kenya onse atavomera. Mabomawo ali ndi makampani awoawo amene amadya pa njira imeneyo, ndiye kuvomera kwake sikubwera msanga. Koma kwa dziko la okwera ochepa, ufulu umenewu ndi umene umachititsa kuti ulendo ukhale waphindu. Anthu ochokera ku Lilongwe okha mwina sangadzaze ndege, koma ikaloledwa kutolera ena panjira, mipando imadzaza ndipo ulendowo sufa.

Funso la wamalonda wopita ku Guangzhou limayankhidwa pano. Kampani ya Ethiopian Airlines ili ndi ufulu wonyamula anthu kuchoka ku Malawi kupita ku Addis Ababa, ndipo ilinso ndi ufulu wina, m'pangano lina, wonyamula anthu kuchoka ku Addis Ababa kupita ku China. Ikalumikiza ziwirizi imasonkhanitsa okwera a m'maiko ambiri a mu Africa pa bwalo limodzi n'kudzaza ndege yaikulu. Kenya Airways imachita zomwezo pa Nairobi. Palibe lamulo la dziko lino limene limakakamiza munthu kudzera kumeneko. Chilipo n'chakuti okwera ochokera ku Malawi okha sanafikebe pa chiwerengero chodzazira ndege yaikulu yolunjika ku Asia sabata ndi sabata.

Za ndege ya kunja yotera m'mizinda iwiri ya m'dziko muno, ndime yachisanu ndi chiwiri ya pangano la Chicago imalola dziko lililonse kukaniza ndege za maiko ena kunyamula anthu kapena katundu pakati pa malo awiri a m'kati mwa dzikolo. Maiko ambiri amasungira makampani a kwawo malonda amenewa.

Kampani ya ndani?

Pangano likasainidwa, boma lililonse limasankha kampani imene idzagwiritse ntchito maufulu ake, ndipo limadziwitsa boma linzake mwa kalata. Mapangano ambiri akale ali ndi mfundo yakuti kampani yosankhidwayo ikhale ya nzika kapena boma la dzikolo pa gawo lalikulu la umwini ndi pa kayendetsedwe, kuopa kuti kampani ya dziko lachitatu ingalowe pa khomo la eni ake itavala dzina lobwereka.

Mbiri ya kampani ya dziko lino ikuonetsa zimenezi. Air Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, inaima payokha mu 1967, ndipo inatsekedwa mu 2013 itamira m'ngongole. Kampani imene inalowa m'malo mwake, yomwe lero imadziwika kuti Malawi Airlines, inayamba kuuluka mu Januwale 2014, Boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Kusiyana kwa magawo awiri okhawo kumaoneka kochepa, koma n'kumene kumasonyeza kuti gawo lalikulu lili m'manja mwa Malawi pamene kampaniyo ikupempha kutera m'maiko ena m'dzina la dziko lino.

Ziphaso zimene kampani iyenera kukhala nazo

Lamulo la za maulendo a ndege la mu 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority kuti lizigwira ntchito yoyang'anira, imene kale inali m'manja mwa nthambi ya Boma yoona za ndege. Kampani ya m'dziko muno yofuna kunyamula anthu kapena katundu mwa malonda imafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi chilolezo cha malondawo, chimene chimayang'ana eni ake a kampani, chuma chake, inshulansi ndi njira zimene ikufuna kuyendamo. Chachiwiri ndi chiphaso cha chitetezo, chodziwika ndi zilembo zakuti AOC, chimene chimaperekedwa akatswiri akakhutira ndi ndege, oziyendetsa, amakaniko ndi mabuku a kakonzedwe kake. Ndege yolembetsedwa ku Malawi imadziwika ndi zilembo zoyamba ndi 7Q, monga ya ku South Africa imayamba ndi ZS ndipo ya ku Kenya 5Y.

Kampani ya kunja imabwera ndi chiphaso cha kwawo, koma imapemphabe chilolezo cha kuno, ndipo ndege zake zikhoza kuyenderedwa pa bwalo nthawi iliyonse. Ndandanda ya maulendo imaperekedwa kuti ivomerezedwe. Pa dziko lonse ndandandazi zimasintha kawiri pa chaka, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala, n'chifukwa chake nthawi zonyamukira zimasuntha m'miyezi imeneyi. Ndege yochita kubwerekedwa pa ulendo umodzi, kaya ya alendo okaona nyama kaya ya katundu, imafunika chilolezo chake cha ulendo umenewo.

Kuyang'anirako kumachitika mbali zonse ziwiri. Mu Januwale 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa kwa kanthawi maulendo ake a ku Chileka oyang'anira za ndege a kwawo atapeza zoperewera pa mpanda wa bwalo ndi pa galimoto zozimitsa moto ndi zonyamula odwala. Pangano la maboma linalipo, okwera analipo, koma ndege sinabwere kufikira zinthuzo zitakonzedwa. Mpanda wa bwalo la ndege ukadulidwa kuti anthu adutsirepo kapena ziweto zikadye msipu, chimene chimaonongeka si waya wokha.

Maulendo a m'dziko muno safuna pangano ndi dziko lina, koma ziphaso ziwiri zija zimafunikabe. Njira yaikulu ndi ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ku mabwalo ang'onoang'ono monga a ku Mzuzu, Karonga ndi pa chilumba cha Likoma, mtundu wa ndege yololedwa kutera umatengera kutalika ndi kulimba kwa msewu woterapo komanso zipangizo zozimitsira moto zimene zilipo.

Kutsegula mlengalenga wa Africa

Maiko a mu Africa anaona kale kuti mapangano a awiriawiri akuchititsa kuti kuyenda pakati pa mizinda ya mu Africa momwemo kukhale kodula ndi kozungulira. Mu Novembala 1999 nduna zoona za ndege zinagwirizana ku Yamoussoukro, m'dziko la Côte d'Ivoire, kuti makampani a mu Africa azipatsana maufulu kufikira wachisanu, popanda malire pa chiwerengero cha maulendo ndiponso popanda maboma kuika mitengo. Kukwaniritsa kwake kunayenda pang'onopang'ono, mpaka mu Januwale 2018 pamene bungwe la African Union linakhazikitsa ku Addis Ababa msika umodzi wa maulendo a ndege, wotchedwa SAATM. Ku Ulaya ntchito yonga iyi inamalizika mu 1997, ndipo kampani ya dziko limodzi la mu European Union imatha kunyamula anthu ngakhale pakati pa mizinda ya dziko lina la m'bungwelo.

Kutsegula kuli ndi ubwino woonekeratu kwa wokwera ndi wotumiza katundu, chifukwa makampani akachuluka pa njira imodzi mitengo imatsika. Nkhawa yake ndi yakuti kampani yaing'ono ya dziko ikhoza kumezedwa ndi zikuluzikulu, ndipo ikagwa, njira zopanda phindu lalikulu zimene inkayendamo zimasowa woziyenda. Nkhawa imeneyi ndi yoona, komabe kutseka chitseko sikunapulumutse makampani ambiri a maboma mu Africa muno, ndipo mtengo wa kutsekako amaulipira ndi wamalonda amene wagula tikiti yodula.

Chilolezo pachokha sichiulutsa ndege

M'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inkapita ku London ndi ndege ya mtundu wa VC10, koma ulendowo unasiyika chifukwa unkadya ndalama zambiri kuposa zimene unkabweretsa. British Airways ndi KLM nazonso zinkatera ku Lilongwe kale, n'kudzasiya. Pangano limapereka mwayi woyenda, koma silikakamiza kampani kuyenda. Kampaniyo imawerengera mtengo wa mafuta, amene kuno amafika atayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Imawerengera malipiro a pa bwalo. Imaonanso ngati makwacha amene yagulitsira matikiti ikutha kuwasintha kukhala ndalama zakunja m'nthawi yake. Ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, makampani amachepetsa maulendo kapena matikiti ogulitsidwa m'dziko muno.

Alimi azindikire kuti katundu wambiri wa pa ndege amayenda m'chipinda cha pansi pa ndege zonyamula anthu, ndipo malo ake amatsala zikwama za okwera zikalowa. Ndege ya katundu yokhayokha imabwera pamene mwini wake watsimikiza kuti adzanyamula katundu wokwanira pobwera ndi pobwerera, osati kamodzi koma sabata iliyonse. Umo ndi mmene Kenya ndi Ethiopia anakopera ndege zonyamula maluwa kupita ku Ulaya. Mlimi mmodzi wa tsabola, zitheba kapena mango, ali ndi makatoni ochepa mwezi uno ndipo mwezi wa mawa alibe, sangakope ndege yotere ngakhale Boma litasaina mapangano ndi maiko onse. Makopaletivi ndi magulu a alimi amene angasonkhanitse zokolola, kuzisunga m'chipinda chozizira ndi kulonjeza muyeso wokhazikika ndiwo amapatsa akuluakulu a Boma mfundo yogwirika yokanenera pa zokambirana. Unduna ukulimbikitsa magulu otere, pamodzi ndi mabungwe a amalonda, kuti azilemba kalata zofotokoza mtundu wa katundu, kulemera kwake, miyezi imene amapezeka ndi dziko limene akupita.

Wotumiza mbewu kapena zokolola kunja akhale ndi chiphaso cha Unduna wa za Malimidwe chotsimikiza kuti katunduyo alibe matenda ndi tizilombo, zikalata za bungwe lotolera misonkho la MRA, ndiponso afunsiretu zimene dziko lolandira limafuna, katunduyo asanafike pa bwalo. Aliyense wofuna kubwereka ndege apemphe kuona chiphaso cha AOC ndi chilolezo cha ulendowo asanalipire. Madandaulo okhudza mitengo yobisika, kukana kubweza ndalama kapena makampani kupangana mitengo akhoza kupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo nkhani zokhudza maiko angapo a m'chigawo chino zimaonedwa ndi nthambi ya COMESA yoona za mpikisano pa malonda, imene likulu lake lili ku Lilongwe.